Mutu 6: Anthu Alawe Kaye, Kenako Muwafunse

Okonza mizinda ambiri amakhulupirira kuti pofuna kuchepetsa kuthithikana kwa magalimoto, ayenera kufunsa anthu kaye ntchito isanayambe. Zimamveka zaulemu, koma mapulani abwino afera pomwepo. Mukamufunsa woyendetsa galimoto ngati angakonde kumalipira polowa pakati pa tawuni, iye amangoona ndalama yotuluka m'thumba. Msewu wopanda mzere wa magalimoto sanauonepo, ndiye angauvotere bwanji? Kuli ngati kufunsa mlendo ngati ndiwo zakolera mchere mphika usanaphulidwe.

Ku Edinburgh anafunsa motero mu 2005, anthu pafupifupi 74 mwa 100 alionse ovota anakana. Ku Manchester mu 2008 zinathera komweko.

Ku Stockholm, likulu la Sweden, anachita mwanjira ina. Kuyambira Januwale mpaka Julayi 2006 anayesa msonkho wa magalimoto olowa ndi otuluka pakati pa mzindawo anthu ambiri akuwiringula. Makamera ankawerenga manambala a galimoto zolowa ndi zotuluka, ndipo mtengo unali pakati pa ma krona 10 ndi 20 potengera nthawi, wokwera kwambiri m'mawa ndi madzulo. Magalimoto odutsa m'malowo anachepa ndi pafupifupi 20 mwa 100 alionse. Kuchepa kumeneku kukuoneka kwapang'ono, komatu msewu umatsekeka ndi magalimoto omalizira omwe amauposa mphamvu. Mukachotsa amenewo, otsalawo amayenda bwinobwino.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'choti nthawi yoyeserayo itatha, anauchotsadi msonkhowo. Mizere inabwerera. Anthu anaona mbali zonse ziwiri ndi maso awo, ndipo pa riferendamu ya mu Seputembala chaka chomwecho, ambiri okhala mumzindawo anavomera. Msonkhowo unakhazikika mu Ogasiti 2007.

Otengera chitsanzochi amaiwala mabasi. Stockholm inawonjezera mabasi ndi njira zake miyezi ingapo msonkho usanayambe. Kulipiritsa munthu amene alibe china choti akwere n'kumulanga chabe, ndipo sadzakukhululukirani pa voti. Amaiwalanso kuti m'maboma oyandikana ndi mzindawo omwe anachititsa mavoti awoawo, anthu anakana, poti ndiwo ankalowa m'tawuni ndi galimoto tsiku ndi tsiku.

Misewu ya njinga, poyenda oyenda pansi, ndi kuuza anthu komwe ndalama za msonkhowo zikupita, zonsezi n'zofunikanso. Tizikamba m'mutu wotsatira.