CHUBU, CHIGUBU NDI CHINGWE: MAU KWA OFUNA KUPHUNZIRA KUSAMBIRA

Abale anga a m'migodi, ine ndine mabalani, ndipo nchito yanga ndi ya cholembera ndi mabuku. Ndimalemba maina a olowa pansi ndi otuluka, masiku a odwala, ndiponso makalata opita kumudzi. Mwa makalata onse, yowawa koposa ndi ija youza makolo kuti mwana wao sadzamuonanso. Tikamva za imfa pa mgodi timaganiza za mwala wakugwa kapena mpweya woipa. Koma tsiku lina la Sabata, m'nyengo yotentha yapitayi, ndinatsala pang'ono kulemba kalata yotere chifukwa cha chubu cha galimoto.

ZIMENE NDINAONA KU CHIDZENJE

Pafupi ndi komboni yathu pali chidzenje chimene kale ankaswamo miyala. Tsopano chinadzala madzi, ndipo pali chikwangwani choletsa kusambamo. Tsikulo dzuwa linaswa mtengo, ndipo tinapitako anthu asanu ndi mmodzi, ine ndiri pakati pao. Sindibisa, chikwangwanicho ndinachiwerenga, pakuti kuwerenga ndiyo nchito yanga, koma ndinangodutsa.

Mnyamata wina wa kumapiri kwathu ku Ntcheu anabwera ndi chubu chopopa bwino. Iye, monga ine ndemwe, anakulira kumene mtsinje umalekeza m'maondo. Anakhala m'chubumo napalasa ndi manja, ife tiri kuseka. Kamphepo kanamkankha pang'onopang'ono kufikira pakati. Pofuna kutembenuka anapendekera mbali imodzi, chubu chinagadabuka ndi kuterereka kupita kutali.

Chimene sindidzaiwala ndi ichi: sanapfuule. Anali chiriri m'madzi, mutu utapenya kumwamba, manja akumenya madzi ngati munthu wokwera makwerero. Ife tinayesa akusewera.

Pambali panali madala ena a ku Nkhotakota amene ankachapa ovolosi yao. Iwo anali asodzi asanabwere kuno. Sanalumphire m'madzi ai. Anatola chigubu cha malita 5 chopanda kanthu, anachitseka zolimba, anachimanga ku chingwe choyanikapo zobvala, naponya. Koyamba chinaperewera. Kachiwiri chinagwa kuseri kwa mnyamatayo, ndipo pokoka chingwe chigubu chinamkhudza paphewa.

"Kumbatira chigubu, mwana iwe! Usachisiye!"

Anachikumbatira, ndipo tinamkokera kumtunda akusanza madzi. Atapeza bwino, madala aja anandiyang'ana nati, "A Mabalani, maso anu amaona timalemba ting'onoting'ono, koma lero sanaone mnzanu akufa."

Ndinayankha ndi manyazi, "Bambo, ine madzi sindiwadziwa."

"Safunsa anadya phula," anatero. "Loweruka tipite ku dziwe losambiramo la m'tauni, ndikakuonetseni."

CHIFUKWA CHAKE ZINTHU ZIMAYANDAMA

Ku sukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Tsikulo ndi pamene ndinaona phindu la phunzirolo. Chigubu chotseka chikakanikizidwa pansi pa madzi, madziwo amachikankhira kumwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene chawachotsa pamalo pake. Chotero chigubu cha malita 5 chimanyamula pafupifupi makilogalamu 5.

Wina adzafunsa kuti, nanga munthu wa makilogalamu 70 angapulumuke bwanji ndi makilogalamu 5? Yankho ndi lakuti madzi eni ake amanyamula thupi pafupifupi lonse. Chotsala ndi mutu, kuti mphuno ndi pakamwa zikhale kunja. Ndiponso munthu aliyense ali ndi zigubu ziwiri m'chifuwa mwake, ndiwo mapapo. Akadzala mpweya thupi limakwera, ndipo mpweya ukatha limatsika. Wochita mantha amataya mpweya ndi kukweza manja kumwamba, ndipo manja akatuluka m'madzi mutu ndiwo umalowa.

Madala aja anandiuza kuti zinthu zoyandama ziri m'magulu atatu: zophunzirira, zopulumutsira, ndi zoseweretsa. Mabvuto ambiri amadza pamene munthu watenga choseweretsa nachiyesa chopulumutsira.

ZOPHUNZIRIRA

Choyamba ndi thabwa lopepuka limene amaligulitsa m'masitolo a zamasewera. Umaligwira ndi manja awiri kutsogolo, thupi litagona pa madzi, ndi kumenya miyendo. Ubwino wake ndi wakuti limagawa nchito. Woyamba kumene sangathe kuganiza za miyendo, manja ndi kupuma nthawi imodzi; thabwa limamlola kuphunzira miyendo ndi kupuma, manja abwere pambuyo. Koma thabwa silimgwira munthu, munthu ndiye amaligwira. Likapulumuka m'manja, thandizo latha.

Chachiwiri ndi ndodo yofewa yaitali ngati nzimbe, yopangidwa ndi pulasitiki wopepuka. Imapindika. Ukaiika m'khwapa umaphunzira kugona chafufumimba, ndipo ukaiika kumsana umaphunzira kugona chagada. Siiphulika monga chubu, chifukwa mpweya wake uli m'timabowo tambirimbiri.

Chachitatu ndi timatumba ta mpweya tobveka m'mikono ya ana. Amene anatikonza monga tiriri lero ndi Bernhard Markwitz wa ku Hamburg, m'dziko la Germany. Mu 1956 mwana wake wamkazi anagwera m'kadziwe ka nsomba natsala pang'ono kufa, ndipo bamboyo anayamba kufunafuna njira. Mu 1964 timatumba take tinayamba kugulitsidwa. Tabwino timakhala ndi zipinda ziwiri za mpweya pa mkono uliwonse, kuti china chikaboka china chitsale. Komabe tingathe kubvuka mwana akakweza manja, ndipo timamzoloweza kuima chiriri m'madzi, chimene sindiko kusambira. Choipa koposa, mwana amayesa kuti mphamvu ndi yake, ndipo tsiku lina adzalumphira m'madzi asanatibvale.

Chachinai ndi magalasi a m'madzi. Sayandamitsa munthu, koma kwa ine anachotsa theka la mantha. Pamene ndinaona pansi pa dziwe ndi mapazi anga omwe, mtima unakhala pansi.

Koma choposa zonsezi sichigulidwa m'sitolo: ndi madzi osaya, olekeza m'chiuno kapena m'chifuwa, amene pansi pake ukupadziwa, ndi munthu wodziwa kusambira ataima pafupi kuti angakugwire ndi dzanja. Anthu a ku Bangladesh, dziko la mitsinje ndi maiwe ambiri, anatsimikiza zimenezi. Pa nchito yao yochedwa SwimSafe amamanga mpanda ndi nsanja ya nsungwi m'dziwe la pamudzi, kuti ana akhale ndi poponda ndi pogwira. M'menemo mwana amaphunzira kufikira atatha kusambira mamita 25 ndi kuyandama masekondi 30. Nsungwi kwathu ziliko, ndipo amisiri omanga nkhokwe sangalephere kumanga nsanja yotere.

ZOPULUMUTSIRA

Jekete loyandamitsa ndi losiyana ndi zonse ndachulazi, chifukwa limamgwira munthu ngakhale iye atatopa. Ndi lakale ndithu. Mu 1854 Captain John Ross Ward wa bungwe la mabwato opulumutsa anthu ku Britain anapanga jekete la makungwa opepuka a mtengo wa cork, loti azibvala opalasa mabwatowo.

Majekete ambiri a masiku ano amalembedwa nambala ndi chilembo N, kusonyeza mphamvu yake: 50, 100, 150 kapena 275. La 50 limanyamula pafupifupi makilogalamu 5, monga chigubu cha madala aja, ndipo ndi la munthu wodziwa kale kusambira, pa madzi odekha, pafupi ndi thandizo. Silimtembenuza munthu wokomoka. La 100 ndi la madzi abata apafupi ndi mtunda. La 150 linapangidwa kuti litembenuze munthu nkhope iyang'ane kumwamba, ndipo ndi loyenera pa nyanja. Pogulira mwana yang'anani kulemera kolembedwapo, mangani lamba wodutsa pakati pa miyendo, ndipo mumnyamule pogwira m'mapewa a jeketelo. Likakwera kufika m'makutu, ndi lalikulu, ndipo m'madzi lidzabvuka.

Inu amene mumapita ku nyanja ya mchere pa chuti, mwina mudzaona mtengo wozikidwa utapachikidwa chinthu chofiirira chokhala ndi chingwe. Zimenezi anayamba kuziika mu 2017 a bungwe la National Sea Rescue Institute la ku South Africa, m'magombe ndi pa madamu ndi mitsinje ina. Ndi za aliyense wofuna kupulumutsa mnzake, ndipo pa chikwangwani chake pali nambala ya telefoni yoitanira thandizo. Wochotsa chinthu chotere kupita nacho kunyumba waba moyo wa munthu. Ndiponso pa gombe pamene pali alonda, sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu.

Kumene kulibe zimenezi, pali chingwe, chigubu ndi nsungwi yaitali. Lamulo la madala ndi ili: tambasula ndodo, kapena ponya chingwe, koma usalowe. Munthu womira ali ndi mphamvu ya mantha. Amakwera pamutu pa wodzamthandiza, ndipo maliro amakhala awiri. Potambasula ndodo gonani pansi, kuti asakukokereni m'madzi.

ZOSEWERETSA

M'gulu ili muli chubu cha galimoto, matiresi opopa, ndi tinyama ta pulasitiki togulira ana. Chubu chimanyamula kwambiri, ndipo m'menemo ndimo muli msampha. Chimamtengera munthu wosadziwa kusambira kumalo kumene miyendo yake sikanamfikitsa. Chimakhala pamwamba pa madzi, chotero mphepo imachikankha monga tanga la bwato. Chikanyowa chimaterera, chimagadabuka msanga, ndipo minga imodzi ikwanira kuchiphwetsa.

Za zidzenje zakale za m'migodi ndinene mwachidule. M'mbali mwake ndi motsetsereka, mulibe pogwira. Pamwamba madzi ndi ofunda koma pansi ndi ozizira kwambiri, ndipo kuzizira kodzidzimutsa kumamkoketsa munthu mpweya asanafune, namwa madzi. Pansi pangakhale zitsulo ndi mawaya, ndipo madzi ena a m'migodi ali ndi asidi. Si malo ophunziriramo, ngakhale mutabvala chiani. Ndipo mowa ndi madzi akuya sizimwerana.

MMENE NDINAPHUNZIRIRA INE

Loweruka loyamba madala sanandipatse kanthu. Ndinangoima m'madzi a m'chiuno, nditagwira m'mphepete, ndi kumiza nkhope ndi kutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Ana ang'ono ankandiseka, bambo wamkulu kuuzira thobvu ngati chule.

Loweruka lachiwiri anandigoneka chagada, ndodo yofewa iri kumsana, dzanja lao liri pansi pa mutu wanga. "Makutu alowe m'madzi, a Mabalani. Mimba kumwamba. Tambasulani manja ngati mwagona pa mphasa." Kenaka anachotsa dzanja osandiuza. Sabata yotsatira anachotsanso ndodo. Ndinayandama ndekha, ndikuyang'ana mitambo, ndipo ndinaseka mpaka kumwa madzi.

Pambuyo pake ndi pamene tinatenga thabwa. Ndinawafunsa chifukwa chake kuyandama kunayamba, ndipo anati, "Wogwa m'bwato safunsidwa liwiro. Akadziwa kugona chagada ndi kupuma, adzadikira thandizo." Nthawi zonse phunziro likamatha ankandilanda chothandizira chirichonse, kuti ndidziwe mphamvu yanga yeniyeni. Chothandizira ndi chobwereka, ndipo chobwereka chimabwezedwa. Patapita miyezi itatu ndinaoloka dziwe lonse. Mnyamata wa chubu uja anaoloka ine ndisanaoloke.

KATUNDU WOPITA NAYE KUMUDZI

Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, linalengeza mu 2024 kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anai alionse anali mwana wosakwana zaka 5. Mu 2021 momwemo bungwe la United Nations linasankha 25 July kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa ngozi imeneyi. Ana ambiri safera pa nyanja yaikulu, koma pafupi ndi nyumba: m'chitsime chosabvundikira, m'dzenje loumbira njerwa, ngakhale m'ndowa.

Tsono inu amene muli kumanga katundu wopita naye kwanu, mabulangete ndi nsapato ndi wailesi, ganiziraninso za ichi. Ngati ana anu amakwera bwato ku Nkhata Bay, ku Chirwa, pa Shire kapena pa Zambezi, jekete limodzi lokwana bwino liposa zidole khumi zopopa. Ngati ndalama yachepa, gulani chingwe cholimba cha mamita 15, muchimange ku chigubu chotseka, ndipo muchipachike pa mtengo wa padooko, anthu onse apadziwe. Posankha malo ophunzirira funsani akulu a pamudzi za ng'ona ndi mvuu, ndipo pewani madzi oima a m'mabango, kumene kuli nkhono za likodzo. Pomaliza, ana akakhala m'madzi pakhale wamkulu mmodzi amene nchito yake ndi kuyang'ana basi, osachapa, osacheza, pakuti womira saitana.

Madzi akatayika saoleka. Ine ndikadali ndi mapepala ambiri mu ofesi, koma ndikufuna kulembapo za malipiro anu ndi masiku anu a chuti, osati kalata ija. Amene muli pafupi ndi dziwe la m'tauni, pezani mnzanu wa kunyanja, mumpemphe mwaulemu, ndipo muyambire kosaya.

Tsalani bwino, abale. Ndine wanu,

MABALANI