Musanatumize ketulo kumudzi, werengani kapepala ka pansi pake

Anzanga a geni, ambiri mwa ife tikutumiza zipangizo za magetsi kuchoka kuno ku London: maketulo, ma ayironi, zowumitsira tsitsi za ku saluni, ma microwave. Mwayi wathu ndi wakuti magetsi a kuno ndi a ku Malawi ndi ofanana, 230 volts, ndipo pulagi ya mano atatu ija ndi imodzimodzi. Koma katundu akapsa kwa kasitomala ku Area 25 kapena ku Ndirande, amene amabweza ndalama ndi ifeyo. Masamu opewera zimenezi ndi ochepa kwambiri.

Pansi pa chipangizo chilichonse pali kapepala kolembedwa V, W, nthawi zina A. V ndi volts, mphamvu yokankha magetsi mu waya. A ndi amps, kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa. W ndi watts, ntchito imene chipangizocho chikugwira. Watts ndi volts kuchulukitsa ndi amps. Mukadziwa ziwiri, chachitatu mumachipeza nokha.

Tengani ketulo ya 3000W, ngati zimene zadzaza ku Argos ndi ku Currys. Gawani 3000 ndi 230, mupeza 13 amps. Fyuzi yaikulu ya pulagi ya kuno ndi 13 amps yomweyo, ndiye ketulo imodziyi yamaliza kale malire. Ma extension ambiri a mabowo anayi nawonso malire ake ndi 13 amps onse pamodzi, osati bowo lililonse. Inu ogulitsa zakudya pamsika, kaya ndi ku Peckham kaya ku Dalston, mukalumikiza ketulo ndi chokazingira tchipisi cha 2000W pa extension imodzi, ndi 5000W, pafupifupi 22 amps. Fyuzi ikakhala yabwino idzaduka. Ikakhala kuti wina anamangapo kawaya, monga timachitira kwathu kuja, waya ndi amene adzayambe kusungunuka. Tinthu tating'ono tosafika 700W, monga nyali, timafuna fyuzi ya 3 amps, chifukwa 3 kuchulukitsa ndi 230 ndi 690.

Tsono pali chinthu chachinayi chimene sachilemba pakapepala: resistance, kutanthauza mmene waya wa mkati amakanizira magetsi kudutsa. Amayeza mu ohms, dzina lochokera kwa Georg Ohm wa ku Germany amene anafalitsa lamuloli mu 1827. Mumagawa volts ndi amps. Ketulo ija: 230 kugawa ndi 13, pafupifupi 17.7 ohms. Nambala imeneyi ndi ya chitsulo chotenthetsa chomwecho, siisintha kwenikweni ngakhale ketuloyo ikwere sitima.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya katundu wa ku America, amene amapezeka motchipa pa eBay ndi ku car boot. Kumeneko magetsi ndi 120 volts. Chowumitsira tsitsi cha 1500W chimakoka 12.5 amps, ndiye resistance yake ndi 120 kugawa ndi 12.5, yomwe ndi 9.6 ohms. Muikeni adaputa mulowetse pa 230 volts: 230 kugawa ndi 9.6 ndi pafupifupi 24 amps, kuchulukitsa ndi 230, zikupitirira 5500W. Mwaona? Volts sinafike n'kawiri komwe, koma kutentha kwakwera kupitirira katatu ndi theka. Utsi basi. Adaputa imangosintha mano a pulagi, siitsitsa volts. Ine katundu wolembedwa 120V yekha sindimugwira n'komwe, ngakhale atandipatsa pa £1. Wolembedwa 100-240V, ngati ma charger a foni ndi laputopu, ameneyo alibe vuto kulikonse.

Zikatsika zimatembenuka. Magetsi akafooka n'kufika 200 volts, ketulo ija imakoka 11.3 amps, ndi 2260W basi. Kasitomala adzati mwamugulitsa yotha, chonsecho yangochedwa kuwira. Firiji ndi nkhani ina, chifukwa injini yake imavutika kudzuka magetsi akafooka ndipo imatha kupsa. Muzigulitsa pamodzi ndi fridge guard, mupezapo kaphindu kena.

Funso limene ndimafunsa aliyense asanaode ndi lakuti: muzigwiritsa pa ESCOM, pa jenereta kapena pa sola? Batire la sola nthawi zambiri ndi 12 volts. Kuti mutulutse 3000W pa 12 volts mukufunika 250 amps, tisanawerengere zotayika mu inverter. Batire la 100Ah limasunga 1200 watt-hours papepala, ndipo silifunika kulikhuthula lonse. TV ya 60W ikhoza kuyenda maola angapo, koma ketulo ndiye iwalani. Inverter ya 1000W siinganyamulenso ayironi ya 2400W, ingolira n'kuzima.

Ngakhale wa ESCOM muzimuuza zoona. Yuniti imodzi pa mita ya prepaid ndi 1000W kwa ola limodzi, choncho ketulo ya 3000W imadya yuniti pa mphindi 20 zowira. Kwa makasitomala a m'nyumba za lendi, amene amagawana mita imodzi mabanja atatu, ine ndimasankha maketulo ang'onoang'ono a paulendo a 1000W kapena kutsikirapo. Mayuniti owiritsira kapu imodzi ndi pafupifupi omwewo, koma amakoka 4 amps yokha ndi pang'ono, ndipo mawaya a nyumba zimene zija amapirira.