CHIFUKWA CHAKE MASAMBA A PA FONI AMATSETSEREKA

Pa tchuthi chapitachi achimwene anga amene akuphunzira za makompyuta anandithandiza kupanga kapulogalamu ka pa foni ya Android, zija ambiri amangoti app. Kanali ndi masamba awiri okha: mndandanda wa mapemphero, ndi tsamba la pemphero limene munthu wasankha. Nditawapatsa amayi kuti ayese, anadina pa pemphero la madzulo. Mndandanda uja unangoti zii, kenaka mawu ena mbwee! Amayi anandibwezera foni ali ndi mantha, nati: "Mwanangu, ndafufuta mapemphero ako onse."

Sanafufute kanthu. Cholakwa chinali changa, pakuti tsamba linasintha popanda kuwaonetsa kumene linzake lapita. Mankhwala ake ndi amene opanga mapulogalamu amawatcha transition, ndiye kuti kayendedwe kamene timaona pamene tsamba lina likupatsa malo linzake. Mukalowa mkati, tsamba latsopano limatsetsereka kuchokera kumanja. Mukabwerera, limachokanso njira yomweyo, ndipo maso amamvetsa okha kuti lakale lija linangobisika kuseri.

Kunena zoona, palibe chimene chimayenda m'fonimo. Mafoni ambiri amajambula chithunzi cha pa galasi ka 60 pa sekondi imodzi, ndipo nthawi iliyonse tsambalo limajambulidwa litasendera pang'ono. Kanema amachitanso chimodzimodzi ndi zithunzi 24 pa sekondi. Anzanga amene mumajambula timunthu m'makona a makope nthawi ya sitade, n'kumatembenuza mapepala msangamsanga kuti kamunthuko kathamange, nzeruyi mukuidziwa kale, ngakhale Abambo oyang'anira mwambo saikonda.

Ntchito yanga inali yochepa. Ndinalemba kafayilo ka XML kouza foni zinthu zitatu: pamene tsamba liyambire, pamene likaime, ndi nthawi ya ulendowo. Zithunzi zonse za pakati foni imawerengera yokha.

Pa nthawipo ndi pamene ndinapunthwa. Pofuna kudzionetsa, ndinaika sekondi yathunthu, ndiponso ndinalamula tsambalo kuti lizizungulira ngati nguli. Poyamba zinandisangalatsa, koma pofika kachisanu ndinali nditatopa nazo ndekha. Achimwene anandionetsa malangizo a Material Design, amene kampani ya Google inayamba kutulutsa mu 2014. M'menemo munalembedwa kuti pa foni kusinthaku kutenge pafupifupi mamilisekondi 300, kosafika ndi theka la sekondi lomwe. Anandiuzanso kuti tsamba lisayende ndi liwiro limodzi kenaka n'kuima mwadzidzidzi, koma lizichepetsa liwiro likamafika. Frank Thomas ndi Ollie Johnston, ojambula makatuni a Disney, anafotokoza mfundo imeneyi m'buku lawo la mu 1981. Ife otumikira pa Misa tinaiphunzira kwina: wonyamula mtanda amafika pa guwa mofatsa, saima ngati galimoto yoponda mabuleki, apo ayi onyamula makandulo amamugunda kumsana.

Pali zinthu ziwiri zimene wopanga asaiwale. Choyamba, foni ili ndi mamilisekondi pafupifupi 16 okha kuti imalize chithunzi chimodzi. Ikachedwa imadumpha chithunzicho, ndipo tsamba limayenda motsimphina. Pa foni ya achimwene nguli yanga inkazungulira bwino, koma pa foni ya amayi, yotsika mtengo ndi yodzaza zithunzi za maukwati, inkachita kukakamira pakati. Choncho yesani ntchito yanu pa foni yofooka, poti ndi imene makolo athu ambiri ali nayo.

Chachiwiri n'chachikulu. Anthu ena amachita chizungulire ngakhale nseru akaona zinthu zikuuluka pa galasi. Kampani ya Apple itatulutsa iOS 7 mu 2013, ambiri anadandaula za vuto limeneli, ndipo posakhalitsa inakonza kuti munthu akatsegula Reduce Motion masamba azingosintha mofatsa osauluka. Pa Android palinso Remove animations. Pulogalamu yabwino imamvera munthu amene wasankha zimenezi, siimukakamiza kuonera luso la mwini wake.

Ndinachotsa nguli ija n'kusiya kutsetsereka kwa mamilisekondi 300. Amayi anadina pemphero la madzulo, nabwerera ku mndandanda, nadinanso lina osafunsa munthu. Atatha anandiuza kuti zilembo zachepetsa, ndikazikulitse tchuthi chikubwerachi.