Dayi wa tsitsi amayesedwa Lachitatu, osati Lachisanu

Lachisanu masana m'masaluni ndi m'mababashopu a ku Chibavi, Luwinga ndi Mchengautuwa mumakhala piringupiringu. Mawa lake ndi Loweruka, tsiku la maukwati ndi zinkhoswe, ndipo aliyense akufuna akaoneke bwino. Bambo wa imvi akhala pampando n'kuuza wometa kuti amudetse mutu ndi ndevu zomwe. Mayi akufuna tsitsi lake lide bii asanalikonze. Pakatha mphindi 30 ntchito yatheka, ndalama yalowa m'thumba. Koma kapepala ka malangizo kamene kamabwera m'kabokosi ka dayi, komwe kawirikawiri kamaseseredwa kunja limodzi ndi tsitsi lometedwa, kamanena kuti ntchitoyi inayenera kuyamba Lachitatu.

Makampani odziwika opanga dayi, monga eni ake a Bigen, Inecto ndi Dark and Lovely, amalemba chinthu chimodzi chofanana: munthu apake kaye dayi pang'ono pakhungu n'kudikira maola 48 asanamuthire m'mutu monse. Amanenanso kuti izi zizichitika nthawi iliyonse, ngakhale kwa munthu amene wakhala akudaya tsitsi kwa zaka zambiri. Ambiri ogulitsa zodzoladzola mumsika waukulu wa Mzuzu, ku Taifa ndi ku Zigwagwa amaona ngati nkhaniyi ndi ya achipatala, komatu imakhudza geni yawo mwachindunji. Kasitomala akatupa nkhope sapita ku Durban kapena ku Guangzhou kukadandaula. Amabwerera pabenchi pomwe anagula.

Chimene chimawenga anthu ambiri mu dayi ndi mankhwala otchedwa para-phenylenediamine, omwe pachidule amalembedwa PPD. Ndi amene amachititsa kuti tsitsi lide msanga komanso kuti mtunduwo usasuluke munthu akasamba. Dayi akakhala wakuda kwambiri, kawirikawiri PPD amakhalanso wochuluka, ndipo wakuda ndi amene amayenda malonda kuno. Mayiko a mu European Union anaika malire akuti mankhwalawa asapitirire 2 peresenti mu dayi wosakaniza kale. Mu 2006 bungwe la madokotala a khungu la American Contact Dermatitis Society linasankha PPD kukhala mankhwala owenga ofunika kuchenjezedwa m'chaka chimenecho.

Kuwengedwa ndi dayi n'kosiyana ndi kupsa ndi rilakisa, ndipo wa saluni ayenera kudziwa kusiyana kwake. Rilakisa akakhalitsa m'mutu amaotcha aliyense, ndipo ululu umamveka nthawi yomweyo munthu adakali pampando. PPD sachita choncho. Amasankha anthu, komanso amachedwa. Munthu amatuluka mu saluni akumwetulira, kuyabwa n'kudzayamba usiku kapena mawa lake, mwinanso tsiku lachitatu. Kumayambira m'mphepete mwa tsitsi, m'makutu ndi m'khosi, kenako timatuza totuluka madzi, zikope n'kutupa mpaka maso kutsekeka. N'chifukwa chake kuyesa kwa mphindi zochepa sikuthandiza kanthu. Mu 2018 nyuzipepala za ku France zinalemba za mtsikana wa zaka 19 amene anayesadi dayi pakhungu koma anangodikira mphindi 30 m'malo mwa maola 48. Mutu wake unatupa moti anathamangira naye kuchipatala akuvutika kupuma. Anapulumuka.

Chovuta china n'chakuti thupi limasunga mangawa. Ulendo woyamba munthu akhoza kudaya popanda vuto, wachiwiri chimodzimodzi, mwina mpaka zaka 10. Nthawi yonseyo chitetezo cha m'thupi chimakhala chikuwazolowera mankhwalawo ngati mdani, ndipo tsiku limene chidzawakane, chawakana mpaka kalekale. Ulendo wotsatira ukhoza kukhala woopsa kuposa wapitawo. Choncho mawu akuti "ndimathira yemweyu masiku onse" si chitsimikizo. Ku England mayi wina anakomoka mu 2011 atadaya tsitsi ndipo anamwalira mu 2012 asanatsitsimuke. Kafukufuku wa imfa yake, yemwe anachitika mu 2015, anapeza kuti anali atapitapo kwa dokotala kangapo ndi zidzolo komanso kuyabwa koma anapitiriza kudaya, ndiponso kuti zaka zingapo m'mbuyomo anajambulitsa pakhungu ndi hina wakuda. Imfa zotere sizichitikachitika. Chofala ndi zilonda za m'mutu, sabata yathunthu osapita kuntchito, ndi mabanga otsalira pamphumi, ena akuda, ena otuwa.

Nkhani ya hina wakudayo ikukhudza kwambiri amene amapikula katundu ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam kapena ku Mbeya n'kudutsa naye pa Songwe. Hina weniweni ndi ufa wa masamba, amapereka mtundu wofiirira ndipo amatenga maola kuti agwire. Hina amene amadetsa bii m'mphindi zochepa, yemwe ku Tanzania amamutchula kuti piko, kawirikawiri amakhala wothiridwa PPD, nthawi zina wochuluka kuposa amene amaloledwa mu dayi wa m'bokosi. Mtsikana amene anajambulitsapo maluwa a piko m'manja n'kutuluka matuza asayandikire dayi wakuda. Ili ndi funso loti wogulitsa azifunsa.

Kayesedwe kake si kovuta. Malo ake ndi kuseri kwa khutu kapena mkati mwa mkono popindikira chigongono. Pamalopo patsukidwe, paume, kenako papakidwe dayi pang'ono, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Apa mpofunika kuwerenga kapepala ka dayi ameneyo chifukwa makampani amasiyana. Ena amati asakanize kadontho ka utoto ndi kadontho ka madzi ake a m'botolo lachiwiri lija, ena amati apake utoto wokha, pomwe wa ufa amasungunulidwa ndi madzi. Ena amati pasatsukidwe masiku awiri onsewo, ena amati patsukidwe pakapita mphindi zingapo koma munthu apitirize kupayang'anira. Zotsala zitsekedwe bwino. Dayi wosakaniza kale sasungidwa, ndiye woyesa asakanize kochepa kwambiri kuti asaononge katundu.

Mapepala ambiri amati munthu ayang'ane ngati pafiira. Langizoli linalembedwa ndi anthu oganizira khungu loyera. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndipo wodikira kufiira akhoza kunena kuti zonse zili bwino pomwe zisali bwino. Chofunika ndi kufunsa ngati pakuyabwa, pakutentha kapena kunyerenyetsa, ndi kupapasa ndi chala ngati patupa, pali totupatupa kapena pasintha mtundu kuyerekeza ndi khutu linalo. Chimodzi chokha mwa izi chikapezeka, dayiyo asathiridwe, ndipo kusintha kampani si njira yothawira chifukwa dayi wambiri wosasuluka ali ndi PPD yemweyo kapena m'bale wake wotchedwa toluene-2,5-diamine, yemwe amawenganso ena mwa anthu owengedwa ndi PPD.

Kuyesaku kuli ndi malire ake. Nthawi zina munthu amadutsa bwinobwino pa kuyesa koma n'kudzawengedwabe dayi atadzaza mutu wonse. Madokotala ena a khungu amadandaulanso kuti kupakapaka dayi pakhungu mobwerezabwereza kungathe kuthandizira kuti thupi liyambe kumukana. Choncho munthu amene anatupapo kale ndi dayi asayesedwenso pabenchi kapena mu saluni. Ameneyo ndi wa kuchipatala. Koma kwa ena onse, kadontho ka kuseri kwa khutu ndi njira yokhayo imene wamalonda ali nayo yodziwira zinthu zisanafike poipa.

Vuto lenileni ndi la malonda. Kasitomala wa dayi amabwera akufuna lero, ndipo akauzidwa kuti abwere mkuja, saluni ina ili pafupi. Wometa amene amadalira mitu ya tsiku limenelo kuti alipire lendi ndi magetsi sangakonde kubweza ndalama yomwe yafika kale pakhomo. Komabe pali njira zochepetsera chiphinjochi. Makasitomala ambiri a dayi ndi okhazikika, amabwera kudzameta kapena kudzatsukitsa tsitsi sabata ndi sabata, ndiye kadontho kangapakidwe pa ulendo umenewo. Maukwati sadzidzimutsa, mkwatibwi, aperekezi ndi ankhoswe amadziwa tsiku miyezi isanakwane, chimodzimodzi ophunzira a pa Mzuni akamakonzekera mwambo wolandira madigiri. Wa saluni akhoza kulandira kandalama kachikole Lachitatu, kupaka kadontho, n'kulemba m'kabuku dzina, tsiku ndi mtundu wa dayi. Chikolecho chimamangiriranso kasitomala kuti asapite kwina. Kabukuko kamadzathandiza tsiku la mkangano.

Wogulitsa pabenchi naye ali ndi gawo lake, ndipo silimudyera mpamba. Pongopereka chenji akhoza kunena kuti, "Amayi, mupake kaye pang'ono kuseri kwa khutu, mudikire masiku awiri." Kwa bambo wofuna kudetsa ndevu mawu ndi omwewo, ndipo iyeyu ndiye ofunika kumuchenjeza kwambiri chifukwa khungu la kumaso likangometedwa kumene limakhala ndi timabala tosaoneka, komanso ndevu zili pafupi ndi milomo ndi khosi.

Chiyambireni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso ndi kusowa kwa ndalama zakunja, katundu wa kunja wakwera mtengo ndipo anthu ambiri athamangira ku timapaketi totchipa, kuphatikizapo shampu wodetsa tsitsi. Timapaketi timeneti timagulitsidwa kamodzikamodzi, bokosi lomwe linali ndi malangizo litatayidwa kale, ndipo tina talembedwa m'Chitchaina kapena m'Chiarabu chokha. Poti dzina lake ndi shampu, anthu amamupaka ndi manja osavala kanthu ngati sopo, chonsecho ambiri mwa iwo ndi dayi ndithu. Wopikula aziyang'ana mndandanda wa zosakaniza, tsiku lothera mphamvu ndi dzina la kampani. Mawu akuti herbal, natural kapena ammonia free, ngakhale chithunzi cha masamba pabokosi, sizitanthauza kuti mulibe PPD. Katundu wopanda mndandanda uliwonse ndi wofunika kumusiya kwa mwini wake, ngakhale phindu lake lioneke lokoma. A Malawi Bureau of Standards ndi a Competition and Fair Trading Commission amayendera mashopu ndipo amalanda katundu wotha mphamvu kapena wosakwanira muyezo. Wogulitsa kamodzikamodzi asunge bokosi ndi kapepala kake pabenchi, kapena akajambule pafoni kuti azitha kutumizira kasitomala pa WhatsApp.

Pali anthu ena oti asathiridwe dayi ngakhale atakakamira. Wa zilonda, zipere kapena zidzolo m'mutu adikire zipole. Amene wangoika rilakisa adikire monga kapepala kakunenera, kawirikawiri masabata awiri. Mabokosi opangidwira msika wa ku Ulaya amalembanso kuti dayi si wa ana osakwana zaka 16. Nsidze ndi zikope ndiye ayi ndithu. Ku America m'zaka za m'ma 1930 utoto wa nsidze wotchedwa Lash Lure, womwe unali ndi PPD, unaononga maso a amayi angapo, ndipo nkhaniyi inathandiza kuti mu 1938 dzikolo likhazikitse lamulo loyang'anira zodzoladzola. Lamulo lomwelo ndi limene linachititsa kuti chenjezo la kuyesa pakhungu lizilembedwa pa dayi wogulitsidwa kumeneko.

Amene amagwira dayi kwambiri kuposa kasitomala aliyense ndi wa saluni mwini. Manja ake amakumana ndi PPD kangapo patsiku, ndipo akayamba kuwengedwa, zala zimang'aluka n'kumayabwa mpaka ena amasiya ntchito imene anaiphunzira movutikira. Magolovesi a nitrile amateteza bwino kuposa timapulasitiki topyapyala tobwera m'bokosi, ndipo amavalidwa posakaniza, popaka ndi potsuka pomwe. Kuwatembenuza n'kuwavalanso ndi kudzipaka dayi dala. Dayi wa ufa azisungidwanso patali ndi ana chifukwa akamwedwa ndi poizoni woopsa. Zipatala za ku Sudan ndi ku Morocco zalandirapo anthu ambiri otupa pakhosi ndi oonongeka impso chifukwa cha PPD.

Zikavuta kasitomala adakali pampando, dayi atsukidwe msanga ndi madzi ambiri. Ngati milomo, lilime kapena khosi zikutupa, ngati akubanika kapena kuchita chizungulire, si nthawi yomugulira Piriton n'kumuuza kuti akagone. Apezeredwe galimoto yopita ku Mzuzu Central Hospital nthawi yomweyo. Kuyabwa ndi matuza odza mawa lake akhoza kupita nazo ku Mapale kapena chipatala china chapafupi, atatenga bokosi kapena paketi ya dayiyo kuti adokotala aone chimene chili m'katimo. Wogulitsa asamugulitse mafuta ena a pabenchi kuti aphimbire vutolo. Ndipo munthu wopezeka kuti PPD amamuwenga azinena akapita kuchipatala kapena kokachotsa dzino, chifukwa ena amawengedwanso ndi mankhwala ochititsa dzanzi monga benzocaine, utoto wa nsalu zina zakuda ndi labala wakuda.

Munthu wotereyu sikuti watayika ngati kasitomala. Hina weniweni wofiirira alipo, mawigi ndi mesh zilipo, ndipo kwa abambo kumeta mpala sabata iliyonse kumabweretsa ndalama kangapo pamwezi pomwe dayi akanabweretsa kamodzi.