NKHONYA ZA UKALAMBA

Msodzi wokalamba wa ku Nkhotakota, ana ake akamuletsa kulowa m'nyanja, mtima sukhala pansi. M'mawa uliwonse amapezeka padooko, akusoka ukonde wa eni, maso ali ku mabwato. Tsiku lina amangokwera, ngakhale mwera ukuwomba. Chilakolako chomwechi ndicho chimasautsa akatswiri a nkhonya zaka zikapita.

Lottie Mwale wa ku Zambia, amene anthu ankamutcha Gunduzani, anapata mendulo ya golide pa masewera a Commonwealth mu 1974, ndipo mu 1979 anatenga lamba wa Commonwealth. Mu 1980 anagonja kwa Matthew Saad Muhammad polimbirana lamba wa dziko lonse. Komabe mu 1992, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 40, anali adakali m'bwalo, ndipo Virgil Hill anam'gonjetsa ku America. Anamwalira mu 2005 atadwala nthenda ya Parkinson, ija yonjenjemeretsa manja. Muhammad Ali nayenso anapuma mu 1979, koma mu 1980 anabwerera ali ndi zaka 38. Larry Holmes anam'menya kwa zigawo khumi mpaka omuthandiza anaimitsa nkhonyayo. Mu 1984 madokotala anam'peza ndi nthenda yomweyo.

Chimawakoka n'chiyani? Kwa ambiri ndi njala. Nkhonya ilibe penshoni, ndipo ndalama zobwera tsiku limodzi zimakhala ndi abale ambiri. Okonza masewera nawo amadziwa kuti dzina lakale limadzaza bwalo, ngakhale mwini dzinayo atatha.

Koma chifukwa chachikulu chili mumtima. Munthu amene kuyambira unyamata wake ankadzuka m'bandakucha kukathamanga, amene khamu linkaimba dzina lake, amadzaona kuti mwadzidzidzi palibe womufuna. Kukhala chete kumeneko kumawawa kuposa chibakera. Thupi nalo limanamiza: mphamvu ya dzanja imachedwa kutha, pamene changu chozinda chimatha msanga. Iye amamenya thumba la mchenga, namva kuti adakali yemwe uja. Thumba silibwezera. Ndipo onse amakumbukira George Foreman, amene anatenganso lamba mu 1994 ali ndi zaka 45, naiwala unyinji wa ena amene anabwerako atapweteka.

Ubongo ndi wofewa, ndipo umayandama m'madzi m'kati mwa chibade. Chibakera chikafika pachibwano, ubongo umagwedezeka n'kuwomba fupa. Kugwedezeka kobwerezabwereza kumaononga pang'onopang'ono, ndipo dokotala wina wa ku America, Harrison Martland, analemba kale za vutoli mu 1928: kuyenda mozandima ngati woledzera, lilime kulemera, manja kunjenjemera. Munthu akamakula ubongo umachepa pang'ono, timitsempha tolumikiza ubongo ndi chikuto chake timakokeka, kotero kuti sitichedwa kuduka. Magazi amadontha m'kati mwakachetechete.

Izi sizichitikira ankhonya okha. Agogo amene agwa panjinga, kapena amenyedwa ndi nkhafi m'mutu, akhoza kudzuka n'kumaseka, koma zizindikiro n'kudzaoneka patapita milungu ingapo: mutu wosaleka kupweteka, kusanza, tulo tosatha, kusokonezeka maganizo, kapena kufooka kwa mbali imodzi ya thupi. Achibale kawirikawiri amati ndi ukalamba chabe, ena amathamangira kwa sing'anga. Wodwala wotere afunika kupita naye ku chipatala cha boma cha Nkhotakota kapena ku St Anne's tsiku lomwelo, ndipo womuperekeza auze adokotala za kugwa kuja, ngakhale kutachitika mwezi wathawo.