Mpikisano wa Ironman: Zimene Thupi Lanu Lidzakumane Nazo pa Makilomita 226

Triathlon ndi mpikisano umene munthu amasambira, kupalasa njinga, kenako n'kuthamanga, zonsezi motsatizana popanda kupumula. Wotchuka kwambiri pa mipikisano ya mtunda wautali ndi Ironman: makilomita 3.8 m'madzi, 180 panjinga ndi 42.2 wapansi. Unayamba ku Hawaii mu 1978, pamene amuna 15 ananyamuka ndipo 12 anafika kumapeto. Kuno kum'mwera kwa Africa umachitikira ku Gqeberha, mzinda wa ku South Africa umene kale unkatchedwa Port Elizabeth.

Akatswiri amamaliza pa maola pafupifupi 8. Koma ambiri mwa opikisana ndi anthu a ntchito zina, amene amakonzekera kusanache kapena akaweruka, ndipo iwowa amatha maola 12 mpaka 17 ali panjira. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, kapena mudzaperekeza wachibale, dziwani kuti kutalika kwa nthawi kumeneku n'kumene kumabweretsa mavuto ena amene akatswiri sakumana nawo kawirikawiri.

Yambani mwayezetsa mtima

Imfa pa mipikisano imeneyi sizichitikachitika, koma zambiri mwa zimene zachitika zinachitikira m'madzi, makamaka kwa amuna achikulire amene anali ndi vuto la mtima osadziwa. Mu 2019 anthu awiri anamwalira pa gawo losambira ku Gqeberha. M'madzi ozizira, pakati pa chikhamu chokankhana, mtima umagunda mofulumira, ndipo munthu akakomoka opulumutsa sangamuone msanga.

Onanani ndi dokotala musanayambe kukonzekera ngati muli ndi zaka zoposa 40, ngati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena shuga, ngati munamvapo kupweteka pachifuwa kapena kukomoka pochita masewera, kapenanso ngati wachibale wanu anamwalira mwadzidzidzi akadali wamng'ono. Thupi likatentha chifukwa cha malungo kapena chimfine, lekani masewera mpaka mutachira. Tizilombo tina toyambitsa chimfine timatupitsa minofu ya mtima, ndipo kudzikakamiza pa nthawi yotere n'koopsa.

Madzi akachuluka amapha

Ambirife tinakula tikumva kuti wothamanga azimwa madzi ambiri ludzu lisanamugwire. Malangizo amenewa avulaza anthu. Mu 1985, Pulofesa Tim Noakes wa pa yunivesite ya Cape Town ndi anzake anafotokoza za othamanga mtunda wautali amene anadwala chifukwa chomwa madzi mopitirira muyeso.

Zimachitika motere. M'magazi muli mchere wotchedwa sodiyamu, umene mlingo wake woyenera ndi 135 mpaka 145 pa kayezedwe ka kuchipatala. Pa masewera a nthawi yaitali thupi limatulutsa michere imene imauza impso kuti zisunge madzi, choncho simukodza monga mwa masiku onse. Mukamamwabe pa tebulo lililonse la zakumwa, madziwo amasungunula sodiyamu, n'kuyamba kulowa m'maselo a thupi. Maselo a ubongo akatupa alibe kofufumira chifukwa atsekeredwa m'chigaza. Wothamanga pang'onopang'ono ndiye ali pachiopsezo chachikulu: satuluka thukuta lambiri ngati katswiri, koma ali ndi maola ambiri oti amwe. Chiopsezo chimakulanso kwa anthu a thupi laling'ono ndi kwa amene amamwa mapiritsi okodzetsa monga hydrochlorothiazide.

Chovuta n'chakuti zizindikiro zake zoyamba, monga mutu, nseru, kusanza ndi chizungulire, zimafanana ndi za munthu amene watha madzi m'thupi, ndipo anthu achifundo amathamangira kum'patsa botolo lina. Zakumwa za ochita masewera sizikutetezani mukamamwa zochuluka, chifukwa mchere wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa m'magazi. Muzimwa mukamva ludzu. Pa miyezi yokonzekera, dziyezeni pasikelo musananyamuke ndiponso mukabwerako. Kutsika pang'ono n'kwachibadwa, koma sikelo ikakwera ndiye kuti munamwa mopitirira.

Mankhwala, chakudya ndi madzi osambiramo

Musamwe ibuprofen kapena diclofenac mpikisano usanayambe kapena uli mkati. Mankhwalawa amachepetsa magazi opita ku impso pa nthawi imene impsozo zapanikizika kale. Amene mumamwa ma ARV okhala ndi tenofovir samalani kwambiri pamenepa, koma musadumphitse ma ARV anu chifukwa cha mpikisano.

Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amatha pakadutsa maola pafupifupi awiri, choncho muyenera kudya muli panjinga, magalamu 60 mpaka 90 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola. Nthochi ndi mbatata yophika zimathandiza ndithu, malinga mimba yanu inazizolowera pokonzekera. Odwala shuga amene mumabaya insulin kambiranani ndi dokotala za kasinthidwe ka mlingo, chifukwa shuga angatsike kwambiri ngakhale usiku wa tsiku la mpikisanolo. Ndipo ngati mumaphunzirira kusambira m'madamu, m'mitsinje kapena m'nyanja monga ya Malawi ndi ya Kariba, kayezetseni likodzo. Limachizika ndi praziquantel.

Kwa inu operekeza

Vuto la sodiyamu lingaonekere patapita maola angapo munthu atamaliza, choncho musamusiye yekha usiku umenewo. Pitani naye kwa achipatala mwamsanga akayamba kubwebweta, kusanza mobwerezabwereza, kugona mosadzutsika kapena kugwa ngati wakhunyu. Musam'patsenso madzi. Auzeni achipatalawo kuchuluka kwa zimene anamwa ndi mankhwala amene amalandira, kuti ayeze sodiyamu asanamuike dilipi. Ngati wasokonezeka maganizo ndipo thupi latentha kupitirira madigiri 40, muziziritseni pomwepo ndi madzi ozizira kapena ayezi pamene mukudikira thandizo. Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, limodzi ndi kupweteka kwambiri kwa minofu, ungasonyeze kuti minofu yawonongeka ndipo impso zili pangozi. Zikatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo.