Muphwa wanga wayamba kunenerera mitengo

Anthu a ku Mponela sakhulupirira ndikawauza kuti muphwa wanga masiku ano amatsogolera gulu la anzake ku yunivesite. Ndi uja ankati chigayo chikangolira, amatseka makutu n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Moni sankayankha. Ena ankati ndi mwano, ena ankanong'onezana kuti bambo ake anamukhwimira kuti fodya aziyenda bwino ku okushoni ku Kanengo. Chonsecho mwanayo ankadziwa pamtima nambala za minibasi zodutsa pa M1 kupita ku Madisi ndi ku Kasungu, ndipo masamu kwa iye anali phala.

Ali ku sekondale ndi pomwe achipatala anatiuza kuti ali ndi otizimu. Munthu amabadwa nayo, si ufiti, ndipo ilibe jakisoni. Phokoso, kuwala ndi zochita za anthu zimamufika mwanjira yakeyake.

Chaka choyamba ku Lilongwe, komwe akuphunzira zaulimi, anavutika. Nsima ankadya yekha, ntchito ya m'magulu anzake ankamuzemba chifukwa akayamba za nthaka sankapuma. Mphunzitsi wina atamuuza kuti angathe kubwera nthawi ina iliyonse, mnyamata anakagogoda kunyumba kwake tambala asanalire. Anamva zomwe anauzidwa basi!

Anamutola ndi mayi wina wothandiza ophunzira olumala, amene anachita maphunziro ake ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, komwe amasula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Mayiyu sanalimbane n'zomusintha chibadwa. Anasonkhanitsa kagulu kakang'ono kokumana sabata iliyonse, n'kumayeserera zinthu zomwe enafe timangotola osaphunzitsidwa: kuodira pakhomo, kufunsa mnzako za kwawo n'kudikira yankho, kukana mwaulemu, kudziwa kuti munthu akamayang'anayang'ana foni ndiye kuti watopa nawe. Anamupezeranso mnzake amene amangokanda khutu nkhani ya nthaka ikatalika. Aphunzitsi anapemphedwa kuti malangizo azilemba momveka, osati ongotchula pakamwa akutuluka m'kalasi. Ine ndimati mbali imeneyi ndiyo inagwira ntchito kwambiri, chifukwa anzakewo nawonso anaphunzira kulankhula mosazungulira. Achewafe timakonda kukuluwika, ndiye timadabwa mwana wotere akasokonezeka. Lamulo la anthu olumala la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 2012, likuti sukulu zisamasale aliyense, koma lamulo silingakhale nawe patebulo la nsima.

Ndiye tamverani za tchuthi chapitachi. Atangotsika pa siteji, anapita kwa agogo ake, kunjuta, n'kuwafunsa za mwendo wawo. Agogo analulutira mpaka nkhuku kubalalika. M'mawa mwake tinatengera soya kwa mavenda a m'mbali mwa msewu wa ku Ntchisi. Venda atapachika thumba pasikelo, mnyamata anati, modekha, "Achimwene, pepani, sikelo yanuyi ikudya makilo awiri. Tiyeze kaye paketi ya shugayi." Anthu anaunjikana. Venda anaseka chamanyazi, n'kukonza sikelo, mtengo n'kuwonjezera. Amayi ena omwe kale ankamutcha chitsiru anamugwira mkono kuti awayezerenso awo.

M'maso sayang'anabe munthu, ndipo pa tsiku la msika amavala zotseka m'makutu. Ifenso tinasiya kumukakamiza. Pa 2 Epulo, tsiku lomwe bungwe la United Nations linapatula mu 2007 kuti dziko lizikumbukira za otizimu, iyeyo ndiye analankhula pamaso pa kalasi yonse, ndipo akuti mnzake uja anakanda khutu kamodzi kokha.

Dzulo wandiimbira foni usiku. Anayamba ndi moni, kufunsa za ana, za mbuzi, zonse mwadongosolo lake. Kenako anati, "Atsibweni, pali mtsikana wa ku Nambuma amene amakonda nkhani za nthaka. Kodi unkhoswe mumayamba bwanji?"